Nyani wa ku Mgona

Nditalemba mayeso a Fomu 4 ndinakhala nthawi yaitali pakhomo popanda chochita. Ndinkakhala ndi achemwali anga ku Area 25, cha ku Nsungwi, m'nyumba ya lendi ya zipinda ziwiri. Iwo ankagulitsa kaunjika pamsika, alamu ankalondera ku Kanengo, ine yanga inali kulera mwana wawo wakhanda ndi kutunga madzi. Kukoleji sanandisankhe, ndipo ntchito ndinafunsira mpaka ndinatopa.

Za ntchito yodzipereka yosamala nyama zakutchire ndinazimva kwa mtsikana wa m'kwaya mwathu amene ankaisiya chifukwa chokwatiwa. Panali malo ena m'kankhalango ka pakati pa tauni, m'mbali mwa mtsinje, kumene ankalandira nyama zolandidwa kwa anthu: apusi amene anyamata ankagulitsa m'mbali mwa msewu, agwape oleredwa pakhomo, akadzidzi othyoka mapiko. Malipiro panalibe. Ankangopereka ya minibasi ndi chakudya chamasana. Achemwali anandiseka kuti ndasiya kulera mwana wa munthu kukalera ana a apusi, koma sanandiletse.

Ntchito yake inali yosasiririka. M'mawa tinkadula maungu ndi zipatso zotsala zimene masitolo ankafuna kutaya, kenako kupala ndowe m'makola ndi kutsukamo ndi mankhwala amene ankasupula khungu la m'manja. Kunkabweranso azungu odzipereka, kukhala milungu ingapo n'kumapita. Mmodzi wa iwo, mtsikana wa msinkhu wanga, anali atachokera pa chilumba china cha pa nyanja yamchere, kumene ankalondera mazira a akamba kuti anthu asafukule. Anandionetsa zithunzi za mchenga woyera ndi tiana ta akamba tikuthamangira m'madzi. Ine ndinali ndisanaonepo ngakhale nyanja yathu yomweyi. Ndinkaganiza kuti ntchito yoteteza nyama ndi yotero, ndi kuti tsiku lina idzanditengera kumalo ngati amenewo. Kumene inanditengera ndi ku Mgona, kumene kuchokera kunyumba kwathu munthu amangoyenda pansi.

Uthenga unabwera wakuti kumeneko kuli nyani pakhomo pa munthu, ndipo waluma mwana. Anthu anali atanena kuti a boma akapanda kubwera amupha okha ndi miyala. Tinapita atatu: adokotala a zinyama, bambo wa imvi wosayankhulayankhula; msilikali woteteza nyama zakutchire, wa yunifomu ndi mfuti, amene tonse tinkangoti a gemu; ndi ine, poti njira za kumeneko ndinkazidziwa. Inali nyengo yotentha, mvula isanayambe. Galimoto tinaisiya pa chigayo chifukwa njira inachepa, n'kuyenda pansi pakati pa nyumba za zidina ndi ngalande za madzi akuda, ana ali piringupiringu pambuyo pathu.

Nyaniyo tinamupeza kuseri kwa nyumba ya chipinda chimodzi, atamangidwa ndi unyolo pa chitsulo cha galimoto chokwiriridwa pansi. Anali wamphongo, wamkulu, koma woonda moti nthiti zinkaoneka. Ubweya wa m'mikono anali atadzizula yekha. Ponse pamene unyolo unkafika, dothi linali losalala ngati lozira, chifukwa cha kupondapo kwa zaka zambiri. Atationa sanalire kapena kutiopseza. Anangokhala tsonga n'kumagwedezeka, kutsogolo ndi kumbuyo.

Mwini wake anali bambo wamtali, atavala jekete lokhuthala kunja kukutentha choncho. Anatilonjera mwaulemu, natulutsa benchi. A gemu anafotokoza kuti lamulo silola kusunga nyama yakutchire pakhomo, ndi kuti akapereka mwamtendere nkhani siipita patali. Bambowo anamvetsera mpaka kumapeto.

"Zonsezo ndamva, bwana," anatero. "Koma mwana uja ankamubaya ndi waya kumaso. Mnyamata wangayu saluma munthu popanda chifukwa."

Ankamutchula choncho, mnyamata wanga. Pamene adokotala ankakonza jakisoni wogonetsa, bambowo anandifotokozera ine, mwina poti ndinali ndekha wopanda chogwira. Anali dalaivala wa mathiraki opita kudoko ku Mozambique. Nyaniyo anamugula ali kamwana m'mbali mwa msewu, kwa anyamata amene anali atapha mayi wake m'munda wa chimanga. Anayenda naye m'thiraki, akugona pachifuwa pawo. Atakula n'kuyamba kung'amba mipando ndi kuba m'magolosale, anamumanga. Kenako akazi awo anamwalira, ntchito inatha, ana anawatumiza kumudzi ku Dedza.

"Tinatsala awiri," anatero. Atatero anatsokomola kwa nthawi yaitali, atatseka pakamwa ndi chipewa.

Adokotala anamulasa nyani ndi jakisoni wouzira pa kapaipi. Nyaniyo anamuzula jakisoniyo, namununkhiza, kenako anayang'ana mbuye wake. Atagwa tinayandikira. Apo ndi pamene tinaona kuti unyolo wa m'chiuno, umene anamumanga nawo ali wocheperako, unali utalowa m'thupi, mbali ina khungu litamera pamwamba pake. Balalo linkanunkha kwambiri. Adokotala anaudula unyolowo, kusiya chidutswa chimene chinali m'mnofu kuti akachichotse bwino kuntchito. Kenako anawayang'ana bambo aja.

"Ndinkafuna kumumasula," bambowo anatero, "koma sankalola kuti ndigwire pamenepo."

Ndinakwiya nawo kwambiri tsiku limenelo. Tinamunyamula nyani m'bokosi lamatabwa, amayi ena akululutira, ana akuimba. Bambo aja ankatitsatira pang'onopang'ono mpaka pa chigayo. Tikukweza bokosi anandigwira mkono.

"Mayi, m'mawa amamwa tiyi wa shuga, koma m'kapu imene ndamwera ine. Mukamuikira m'mbale sakhudza. Kukazizira amagona m'nyumba, pambali pa mphasa yanga."

Ndinangogwedeza mutu n'kukwera galimoto.

Kuntchito kwathu nyama iliyonse yatsopano inkayamba yakhala payokha, m'khola la kutali ndi zinzake, kufikira adokotala atatsimikiza kuti ilibe matenda. Nyani uja anandipatsa ine kuti ndizimusamala. Polowa kumeneko ndinkavala chophimba kukamwa ndi magolovesi, n'kuponda m'beseni la mankhwala. Masiku oyamba anakana chilichonse. Mapapaya ankawolera pansi. Nditawauza adokotala za tiyi uja anaganiza pang'ono, nati ndiyese. Ndinapita ndi kapu, ndinaima pamene ankandiona, ndinaifikitsa pakamwa ngati ndikumwa, ndiye n'kuipereka pa kazenera ka waya. Anailandira ndi manja awiri, namwa wonse. Kuyambira tsiku limenelo anayamba kudya.

Kholalo linali lalikulu kuposa nyumba ya mbuye wake, la mtengo wouma pakati woti azikwerapo. Iye sanakwerepo. Anasankha ngodya imodzi, ndipo ankangozungulira pomwepo, kutalika kwa unyolo umene sanalinso nawo. Bala linayamba kupola. Tsiku lina ndikukolopa pafupi ndi waya ndinamva chinthu chikundigwira paphewa. Ndinauma thupi. Anali atatulutsa zala pa waya n'kumasanthula malaya anga mofatsa, ngati mmene anyani amafunirana nsabwe, akumenyetsa milomo. Ndinaima choncho mpaka atatopa. Adokotala ankati kutchire sangabwererenso, wakhalitsa ndi anthu, koma atachira angathe kulowa mumpanda waukulu mmene munali anyani ena, n'kuphunzira kugona mumtengo. Ndinayamba kuliyembekezera tsiku limenelo.

Bambo aja ankabwera Lamulungu lililonse. Sankaloledwa kulowa, ndiye ankakhala pa mwala kunja kwa geti, alonda n'kudzandiitana. Ankabwera ndi nthochi m'kajumbo, n'kufunsa ngati mnyamata akudya, ngati akugona, ngati anzake sakumumenya. Ndinkawayankha mwachidule poyamba. Koma Lamulungu lililonse jekete lija linkakulirakulira pathupi pawo, ndipo kuti ayankhule chiganizo chimodzi ankapumira pakati. Mkwiyo wanga unatha wokha, sindinadziwe n'komwe kuti watha liti.

Mwa zoyeza zimene adokotala ankachita panali jakisoni wa pachikope. Ankamugoneka nyani, kumubaya kamankhwala pang'ono pa chikope cha diso limodzi, n'kudikira masiku angapo. Chikapanda kutupa, ndiye kuti zili bwino. Cha nyani wathu chinatupa mpaka diso linatsekeka. Adokotala anati tidikire, tibwereze ku diso linalo, nthawi zina zimanama. Tinadikira. M'masiku amenewo ndinayamba kumumva akutsokomola m'mawa, kachifuwa kouma ngati ka nkhalamba. Titabwereza, chikope chinacho chinatupanso.

Adokotala anandiitanira pansi pa mtengo, kutali ndi anzanga.

"Ndi chifuwa chachikulu. TB."

"Ndiye tiyamba liti kumupatsa mankhwala?"

"Sitiyamba. Mankhwala ake ndi a miyezi yambiri, tsiku ndi tsiku, ndipo ngakhale atamaliza sitingatsimikize kuti wachira. Akalowa kwa anzake angathe kuwamaliza onse. Inunso amene mumalowa kumeneko muli pangozi. Tiyenera kumupha."

Ndinawafunsa ngati sangangokhala payekha moyo wake wonse, ine ndizimusamala. Anati khola limenelo ndi limodzi lokha, ndipo kuli nyama zina zikudikira. Anavula magalasi napukuta kumaso.

"Pali chinanso. Nyani wa pa unyolo matendawa sanawatenge kutchire. Wawatenga kwa munthu. Bambo aja apite kuchipatala, pamodzi ndi ana onse amene ankasewera pakhomo paja. Inunso mukayezetse mawa."

Kunyumba nkhaniyi inavuta. Achemwali anamuchotsa mwana m'manja mwanga ndisanamalize kufotokoza. Anandipatulira kapu ndi mbale, ndipo ndinkagona pabalaza zenera lili lotsegula. Alamu anati ntchito yopanda malipiro imene ikubweretsa matenda pakhomo si ntchito, ndisankhe pakati pa anyani ndi nyumba yawo. Kuchipatala ananditenga makhololo, nandijambula chifuwa, ndipo zotsatira zitatuluka anati ndilibe. Achemwali anabwezera kapu yanga pa zinzake, koma mwana anakhala milungu ndithu asanandipatsenso kuti ndimubereke.

Kukawauza bambo aja kunagwera ine. Ndinawapeza masana atagona pamphasa pamthunzi wa nyumba. Anadzuka movutikira.

"Mnyamata ali bwanji, mayi?"

Mawu amene ndinakonza njira yonse anandithawa. Ndinangonena mmene zinalili, za chikope, za chifuwa, ndi zimene adokotala agamula. Bambowo anayang'ana mapazi awo otupa.

"Ndiye kuti ndamupatsira ndine."

"Adokotala akuganiza choncho, Abambo. Koma simunadziwe."

"Kuti ndikudwala ndinkadziwa. Kuti nyama ingatenge, chimenecho ayi."

Ndinawafunsa chifukwa chake sanapite kuchipatala nthawi yonseyi. Anati akazi awo anayamba ndi chifuwa chomwechi. Anapita nawo, ndipo kumeneko anauzidwa za matenda ena aja, amene masiku amenewo anthu sankawatchula dzina. Anabwerako ndi maliro.

"Chimene akandiuze ndikuchidziwa kale. Ndikatani kumeneko?"

Ndinawauza kuti zinthu zasintha, TB imachizika, ndipo mankhwala otalikitsa moyo ayamba kuperekedwa ulere. Ndinawauzanso za ana a pakhomopo, kuti iwo akakhala osamwa mankhwala anawo ndiwo ali pangozi. Apo anakweza maso.

"Ndipita," anatero. "Koma ndiyambe ndamuona. Musamuphe ndisanamuone."

Akuluakulu a kuntchito anakana poyamba. Anati munthu wodwala chifuwa sangalowe pamalo pamene pali anyani ndi apusi ambirimbiri. Adokotala ndiwo anawanenerera, mpaka anagwirizana kuti alowe pa geti la kumbuyo, avale chophimba kukamwa, ndipo aime patali, kuseri kwa chingwe chimene tidzamange.

Tsikulo ndinakawatenga m'mawa. Mvula yoyamba inali itagwa dzulo lake, njira za ku Mgona zili matope okhaokha. Ndinawapeza atameta ndevu, atavala malaya oyera osita bwino. Mpaka pa siteji anakwera njinga ya kabaza, ine ndikuyenda pambali nditawagwira msana. Kenako tinakwera minibasi.

Kuchokera pa geti la kumbuyo kukafika kukhola kunali kokwera pang'ono, ndipo tinapuma kangapo. Tisanatulukire anatsokomola. Nyani sanali kutiona, panali zitsamba, koma ndinamva waya ukugwedezeka. Anakuzindikira kutsokomolako. Titafika tinamupeza atachoka pangodya yake ija, ataima ndi miyendo iwiri, atagwira waya, akulira kamawu ka pansipansi kamene ndinali ndisanamumvepo. Kenako anatembenuka n'kugunditsa msana pa waya kuti amukande.

Bambo aja anadumpha chingwe chija. Ine ndinayang'ana adokotala.

"Asiyeni," anatero chapansipansi. "Palibenso choti apatsirane."

Anakhala pansi pamatope ndi malaya awo oyerawo, nalowetsa zala pa waya, n'kuyamba kumukanda m'khosi ndi pamsana. Ankamuyankhula ngati mwana amene wachokera kusukulu yogonera konko.

"Wanenepa iwe. Akukudyetsa bwino kuno. Bala lija lapola? Taonetsa. Eya, lapola."

Adokotala anawapatsa nthawi. Kenako anazungulira mwakachetechete, nabaya jakisoni wogonetsa pantchafu kudzera pa waya. Nyani anangonjenjemera pang'ono, sanatembenuke n'komwe. Bambowo anapitiriza kukanda mpaka mutu wa nyani unazyolika, thupi n'kutsetsereka pansi. Tinatsegula khola, ine ndi adokotala. Ntchito yanga inali kugwira mkono kuti mtsempha uoneke. Ndinali ndisanagwirepo dzanja lake lonse. Linali lofunda, la zikhadabo zakuda, la mizere m'chikhatho ngati la munthu. Jakisoni wachiwiri sanachedwe. Adokotala anamvetsera pachifuwa, nadzuka, nagwedeza mutu.

Bambo aja anapempha kuti atenge mtembo akaukwirire kuseri kwa nyumba yawo. Adokotala anawafotokozera kuti sizingatheke, uyenera kutenthedwa. Anati chabwino. Sanalire. Anangopempha madzi akumwa, ndipo ndinawapatsira m'kapu yapulasitiki. Lamulo linali lakuti chilichonse chimene chakhudzidwa kumeneko chitenthedwe, ndiye kapuyo ndinaiponya m'dzenje lotenthera mtembowo, momwe anyamata ankathiramo dizilo. Ndikutembenuka ndinaona kuti bambo aja akundiyang'ana. Tinatsika kubwerera ku geti utsi ukuyamba kukwera pambuyo pathu.

Lonjezo lawo anasunga. M'mawa mwake tinapita kuchipatala, tinakhala pamzere mpaka masana. Anawapeza ndi TB, ndipo atalola kuyezetsa magazi anawapezanso ndi matenda enawo. Anamva ngati munthu amene akuuzidwa za mvula imene yamunyowetsa kale. Anamwino anati mankhwala a TB amafuna munthu woti aziona kuti wodwala wamwadi tsiku lililonse, nafunsa kuti gadiyani wawo ndani. Bambowo anayang'ana pansi. Ndinati ndine.

Kuyambira pamenepo ndinkadzera ku Mgona m'mawa uliwonse ndisanakwere minibasi. Ndinkawapatsa mapilitsi, kudikira kuti ameze, n'kumapita. Chaka chimenecho chinali cha njala, anthu ankagona pamizere kudikira chimanga, ndipo mankhwalawo pamimba yopanda kanthu ankawazunguza mutu. Nditawauza adokotala a kuntchito anandilola kuti madzulo ndizitengako nthochi ndi mapapaya pa chakudya cha apusi. Achemwali, amene poyamba sankafuna kumva za nkhaniyi, anayamba kundisungira phala m'kabotolo, n'kuliika pakhomo osanena kuti ndi la yani.

A zaumoyo anabwera kudzayeza ana a pakhomo paja. Mwana amene analumidwa uja analibe TB. Amene anapezeka nayo ndi kamtsikana ka nyumba yoyandikana, kamene kankakonda kuwatungira madzi bambo aja ndi kukhala nawo pabenchi. Kanayamba mankhwala ndipo kanachira, koma m'deramo nkhani inafala yakuti nyani ndiye anabweretsa matenda, ena n'kumawonjezera kuti sanali nyani wamba. Ndinafuna kuwafotokozera anthu mmene zinalili. Bambowo anandiletsa.

"Asiyeni azinena za iye, mayi. Iye sangamvenso. Akadziwa kuti ndine, ndigona kuti?"

Sizinawathandize. Anthu anasiya kuwalonjera, ana ankawakokera kutali, ndipo mwini nyumba anabwera kudzanena kuti akufuna kukonza denga, nyumbayo ikhale yopanda munthu.

Chifuwa chinayamba kuchepa. Ankatha kuyenda mpaka pa chigayo n'kubwerera. Koma miyendo sinaphwe, m'kamwa munatuluka zilonda, ndipo kuchipatala anati mankhwala otalikitsa moyo ayamba akamaliza gawo loyamba la a TB. Gawolo lisanathe mng'ono wawo anabwera kuchokera ku Dedza kudzawatenga. Anali munthu wabwino ndithu, mlimi wa mbatata, ndipo ananena zoona kuti m'tauni mulibe wowaphikira ndipo nyumba akuwatulutsa. Ndinamufunsa za chipatala cha kumudziko. Anati chilipo, koma ndi kuseri kwa phiri, ndipo nthawi ya mvula mtsinje umadzaza. Ndinapita naye kwa anamwino, anatilembera zowasamutsira, ndipo ndinamufotokozera kamwedwe ka mapilitsi mobwerezabwereza mpaka anayamba kuseka.

Katundu yense wa bambo aja anakwana m'thumba limodzi ndi ndowa. Ndinawaperekeza kudepoti. Atakhala pampando wa pazenera ananditcha kuti mwana wanga, koyamba, nandiuza kuti ndipereke moni kwa adokotala.

"Kwathu kuphiri kuli anyani ambiri," anatero. "Ndizikawaona akuba chimanga cha mng'ono wangayu."

Mng'onoyo anati akawaona awauze kuti asiye. Tinaseka tonse, basi n'kunyamuka. Masiku amenewo si aliyense anali ndi foni, ndipo iwo analibe. Sindinamvenso za iwo miyezi yonse ya mvula.

Kuntchito khola lija tinalitsuka ndi mankhwala, tinapala dothi la pamwamba, mtengo wouma uja tinautentha. Litauma analowetsamo nyama zina. Ine ndinapempha kuti andisamutsire ku mbalame, ndipo adokotala sanafunse chifukwa. Ndinakhala ndikudyetsa akadzidzi ndi mphamba wina wa phiko limodzi, ntchito yodula mbewa zakufa m'tizidutswa, imene anzanga ankaithawa.

Nthawi yozizira itafika ndinakumana ndi mayi a kamtsikana kaja pamsika wa Nsungwi, akusankha tomato. Ndinawafunsa za mwana, anati wachira, wabwerera kusukulu. Ndiye anatsitsa mawu.

"Anzanu aja munamva? Anatisiya nthawi yokolola. Mng'ono wawo anadutsa kudzauza mwini nyumba."

Ndinafunsa ngati anali atayamba mankhwala enawo. Anati sakudziwa, iwo anangomva kuti anamwalira panjira, akuwanyamula pa machira kupita kuchipatala.

"Nyani uja anawamaliza bambo aja," anatero. "Munthu wabwinobwino kugona ndi chinyama m'nyumba."

Bambowo kunalibenso, nyumba yoti awatulutsemo kunalibenso, ndiye ndinawafotokozera mayiwo zonse mmene adokotala ananenera, kuti matenda anachokera kwa munthu kupita kwa nyama. Anandimvetsera mwaulemu mpaka ndinamaliza. Anati mwina, inu ndi amene munaphunzira za nyama, koma iwo anaona ndi maso awo kuti chifikireni nyaniyo pakhomo paja maliro sanathe. Anatsanzika, nanyamula tomato wawo.

Ndinagwirabe ntchito kumalo kuja mpaka chaka chotsatira, pamene ndinapeza malo kusukulu ya uphunzitsi. Mudzi wa bambo aja sindinaufunse dzina, ndinkangodziwa kuti ndi ku Dedza, kuseri kwa phiri. Manda awo sindikuwadziwa.